Ndinapita ku Lille kukasaka kaunjika, ndinakapezako ndale

Abale inu visa ya Schengen pa pasipoti yathuyi imawawa, ma euro 90 kungoti uwoloke kuchoka ku London, ulendo woti pa sitima ya Eurostar sukwana ndi ola limodzi ndi theka lomwe. Koma ndinali nditalumbira kuti Braderie ya ku Lille, mzinda wa ku France, sindiyiphonya. Kwa amene simukuidziwa, ndi kaunjika wa tawuni yonse, weekend yoyamba ya September, msewu uliwonse anthu ayala katundu, mbale, njinga zakale, majekete. Malo ogona bukiranitu kukadali miyezi, ine ndinachedwa ndipo ndalama yomwe ndinalipira sinditchula pano chifukwa achemwali anga amawerenga.

Pofika 2 koloko njala inali itandipinda, foni yathima, mipando yadzadza paliponse. Chakudya chake pa tsikuli ndi chimodzi basi, nkhono za m'nyanja zomwe amati moules ndi chipisi, zigoba zake amaziunjika panja mpaka mulu ngati chulu. Ndili chiimire ndi mbale yanga ya ma euro 16 agogo ena aamuna anandikodola, nkusuntha chikwama cha akazi awo kuti ndikhale. Ataona ndikulimbana ndi foloko anaseka, nkundionetsa kuti umatenga chigoba chopanda kanthu nkumakowera nacho zinazo. Chizungu chawo chinali chothyokathyoka koma tinamvana.

Anandifunsa kuti mwana wanga wabwera pa chani, ndinati pa sitima agogo. Iwo basi kumenya tebulo, amvekere ndiye uthokoze Pierre Mauroy. Ine dzinalo ndinkangolidziwira pa stadium yomwe timu ya Lille imasewererapo, ndinkayesa anali wampira. Kani anali meya kuyambira 1973 mpaka 2001, zaka 28, wa chipani cha Socialist, ndipo 1981 mpaka 1984 anali nduna yaikulu ya pulezidenti François Mitterrand uku umeya osausiya. Akuti ndi iyeyo analimbikira kuti sitima zothamangazi zizilowa mkati mwa mzinda osati kungolambalala, nchifukwa chake pali siteshoni ya Lille Europe yomwe ndinatsikirapo, anaitsegula 1994. Metro, sitima ya mumzindamo yoyenda yopanda dalaivala, inayambanso nthawi yake, 1983.

Agogowo anagwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Roubaix, tawuni ya pafupi ndi Lille. Anawerenga ndi zala zomwe boma la Mauroy linawapatsa, kupuma pa ntchito uli ndi zaka 60, sabata yachisanu ya holide yolipidwa, maola 39 pa sabata. Apa mpomwe agogo aakazi, omwe anali chete nthawi yonseyi akusenda nkhono, analowererapo mu Chifalansa mokweza mpaka a tebulo lina kucheuka. Amuna awo anandimasulira mwamanyazi kuti akuti uwauzenso za 1983 pomwe boma lomwelo linamanga lamba, ndipo mafakitale anapitirira kutsekedwa, yawo yomwe, ma ofesi agalasi a ku Euralille, dera la bizinesi la pafupi ndi siteshoni ija, sanalembe munthu woluka nsalu. Anakangana kanthawi ndithu ine ndikungodya chipisi chawo.

Chomwe chinandizunguza mutu ndi zaka zija. Atachoka Mauroy analowa Martine Aubry, mayi amene ali nduna ya zantchito anabweretsa maola 35 pa sabata, nayenso anakhala mpaka 2025. Anthu awiri, zaka zoposa 50! Kwathu meya amasankhidwa ndi makhansala anzake kwa zaka ziwiri ndi theka, asanadziwe nkomwe komwe ngalande zatsekeka wachoka kale. Koma munthu kukhala zaka 28 tikanati wakakamira mpando, ndipo mwina nanenso ndikanakuwa nawo. Ndinawafunsa agogo ngati sanatope naye, anangoti tinkamuvotera tokha, akazi awo nkutsonya.

Khofi analipira ndi iwo, ndinayesa kukana anandiopseza ndi chigoba. Foni anandichajira pa kabatire ka mdzukulu wawo. Jekete lomwe ndinagula ma euro 10 zipi yake inaduka ndisanafike pa siteshoni ya St Pancras ku London.