Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makatuni m'nyumba ya madamu

Ndinafika ku Johannesburg ndili ndi zaka 27, wosakwatiwa. Foni iliyonse yochokera kumudzi inkathera pa funso limodzi la azakhali: "Nanga banja liti, mwanawe?"

Ntchito ndinaipeza ya m'nyumba. Tsiku lina ndikusita, ndinamva madamu akuyimba pabalaza. Nditasuzumira ndinawapeza akuonera makatuni ndi kamdzukulu kawo, maso ali jenjenje ndi misozi. Ndinadabwa, chifukwa kwathu makatuni timati ndi za ana. Iwo anandiuza kuti ndi Heidi, amene ankaonera ali mtsikana pa SABC, kanema wa ku South Africa, m'chiyankhulo cha Afrikaans, ndipo anakula osadziwa kuti anajambulidwa ku Japan mu 1974. Kamtsikana ka kumapiri a ku Switzerland, koma manja ojambula a ku Tokyo!

Ataona chidwi changa anandibwereka filimu ina ya mkulu amene anatsogolera ntchito yopanga Heidi, Isao Takahata, yotchedwa Only Yesterday, ya mu 1991. Ndinaionera usiku m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, nditafunda bulangete chifukwa kunali mu June.

Abale anga, munali ine m'filimumo. Mwininkhani wake, Taeko, ali ndi zaka 27, amagwira ntchito mu ofesi ku Tokyo, ndipo akwawo sakumupatsa mpumulo pa nkhani ya ukwati. Akwera sitima kupita ku minda ya ku Yamagata kukathandiza kuthyola maluwa, ndipo m'njira yonse akukumbukira ali ndi zaka 10: masamu omukanika, manyazi a atsikana kusukulu pa nkhani ya kumwezi, anyamata akuwaseka. Pali pena banja lonse lazungulira chinanazi, osadziwa kadulidwe kake. Atachilawa apeza cholimba, chosatsekemera, koma kamwanako kakungotafunabe mokakamiza kuti kasaoneke kogonja. Pamenepo ndinaimitsa filimu n'kulira. Ndinakumbukira nsapato zoyamba zimene bambo anandigulira, zothina, zimene ndinavala chaka chonse osadandaula.

Pambuyo pake ndinamva kuti ku Japan nkhani zojambula za atsikana amazitcha shojo, za amayi akuluakulu josei. Ndiye kuti kumeneko mayi wa ana atatu sabisala akafuna kuwerenga kapena kuonera zake. Zimenezi ndinazikonda kwambiri.

Loweruka lotsatira azakhali anaimbanso. Funso linali lomwe lija. Ndinayankha mwaulemu kuti, "Azakhali, ndikadzakonzeka mudzakhala oyamba kumva," ndipo kwa nthawi yoyamba mawu anga sananjenjemere.