Thabwa linachoka, mfuti inatsala: zomwe zasintha m'sukulu za ku America

Mwana akawombera anzake pasukulu ku America, sipalephera kutuluka gogo wina wonena kuti m'masiku awo ankapita ndi mfuti kusukulu popanda wina kuphedwa, chifukwa aphunzitsi anali ndi mphamvu zokwapula. Zoti ankapita ndi mfuti n'zoona. Zoti chikwapu ndicho chinkateteza ana sizigwirizana ndi zaka komanso malo kumene ngozizi zachitikira.

Mfuti inalowa m'sukulu mochita kuitanidwa. Mu 1903 mumzinda wa New York munakhazikitsidwa bungwe la masewera a m'sukulu za boma lotchedwa Public Schools Athletic League, ndipo mmodzi mwa akuluakulu ake anali George Wingate, yemwe anayambitsa nawo bungwe la eni mfuti la NRA mu 1871. Kuwombera chandamale kunakhala masewera a kusekondale ngati mpira. Antonin Scalia, amene anadzakhala woweruza m'khothi lalikulu la dzikolo, anafotokozapo kuti ali mnyamata ankakwera sitima yapansi panthaka ya New York atanyamula mfuti ya timu ya sukulu yake. Kumidzi nako, nyengo yosaka agwape ikafika, anyamata ankabwera ndi mfuti zaulenje zitapachikidwa kuseri kwa mpando wa pikiapu, kuti akaweruka alunjike kutchire. M'madera ambiri a Pennsylvania sukulu zinkachita kutseka tsiku loyamba la uzimba.

Koma taonani mtundu wa mfutiyo ndi mmene inkasungidwira. Ya timu inali yaitali, ya zipolopolo zazing'ono za .22, ndipo zambiri zinali zoika chipolopolo chimodzichimodzi ndi dzanja. Malo owomberera ankakhala m'chipinda chapansi pa sukulu, chandamale chili pa mamita 15. Mwana ankawombera atagona chafufumimba, atagwada, kenako ataimirira. Mfuti zinkakhala m'kabati yokiya, makiyi ali ndi mphunzitsi, ndipo zipolopolo ankapereka mowerenga. Lamulo loyamba linali lakuti mpope uloze kuchandamale nthawi zonse, lachiwiri lakuti chala chisakhudze pokhethemulira mpaka woyang'anira atalamula. Munthu wamkulu ankadziwa mwana amene wagwira mfuti, mfuti yake, ndi kuchuluka kwa zipolopolo zimene wapatsidwa. Pa zonse zimene agogo aja amakumbukira, ichi ndicho amaiwala kutchula.

Chilango nacho chinali ndi dongosolo lake lolembedwa. Kumeneko sankathyola kamtengo kutchire. Ankagwiritsa ntchito thabwa lopala bwino lokhala ndi chogwirira. Malamulo a sukulu za ku Dade County ku Florida cha m'ma 1970 ankati thabwalo lisafike masentimita 60 m'litali, m'lifupi likhale masentimita 8 mpaka 10, kuchindikala kwake kupitirire pang'ono sentimita imodzi, ndipo mwana amenyedwe m'matako kamodzi mpaka kasanu basi. Zolembazo zinkalephera pamalo amodzi: wokwapula akapsa mtima palibe womuletsa. Mu 1970 mnyamata wina wa m'derali anagwiridwa patebulo n'kumenyedwa koposa ka 20, magazi anaundana m'thupi, ndipo anajomba kusukulu masiku angapo. Mlandu wake, wodziwika kuti Ingraham v. Wright, unagamulidwa kukhothi lalikulu mu 1977. Oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anati gawo la malamulo a dziko loletsa zilango zankhanza limakhudza akaidi, osati ana asukulu. Choncho chigawo chilichonse chinatsala ndi ufulu wosankha.

Apa ndi pamene mfundo ya chikwapu imagwera. Chigawo cha New Jersey chinaletsa kumenya ana m'sukulu kalekale mu 1867, nthawi ya matimu a mfuti isanayambe n'komwe. Pamene kuwomberana kunachitika motsatizana ku Pearl m'chigawo cha Mississippi ndi ku West Paducah m'chigawo cha Kentucky mu 1997, kenako ku Jonesboro m'chigawo cha Arkansas mu 1998, zigawo zitatu zonsezo zinali zikulolabe thabwa. Texas imalola mpaka lero, koma kuwombera ana m'sukulu za ku Santa Fe mu 2018 ndi ku Uvalde mu 2022 kunachitika komweko. Kumenya kwachepadi kwambiri, moti m'chaka cha sukulu cha 2017 mpaka 2018 ana pafupifupi 70,000 okha ndi amene anamenyedwa m'sukulu za boma, ambiri a iwo ku Mississippi, Texas, Alabama ndi Arkansas. Komabe palibe mzere wooneka wosonyeza kuti kumene thabwa lili ndi kumene ana ali otetezeka.

Chimene chinasintha kwambiri ndi mfuti ya m'nyumba ndi chifukwa choisungira. Mu 1999, pafupifupi theka la eni mfuti ankati amaisungira ulenje, ndipo 26 pa 100 okha ndi amene ankatchula chitetezo. Pofika 2013, kafukufuku wa Pew Research Center anapeza kuti zatembenuka: 48 pa 100 ankati chitetezo, 32 pa 100 ulenje. Kusiyana kwake n'kwakukulu posunga. Mfuti yaulenje imakhala yopanda zipolopolo miyezi yambiri pachaka, ndipo kutalika kwake sikulola kuti ibisike m'chikwama cha mabuku. Yachitetezo nthawi zambiri imakhala yaifupi ya m'manja, mwiniwake amafuna ikhale pafupi ndi bedi, zipolopolo zili kale m'kati. Imeneyo ndi imene imapezeka kwambiri m'zikwama za ana.

Malamulo anabwera pang'onopang'ono kenako mwaliwiro. Lamulo la 1968, lomwe linadutsa Martin Luther King Jr. ndi Robert Kennedy ataphedwa chaka chomwecho, linaika zaka 18 zogulira mfuti yaitali kwa wogulitsa wachiphaso, ndi zaka 21 zogulira yaifupi. Mu 1990 kunabwera loletsa mfuti pamtunda wa mamita pafupifupi 300 kuzungulira sukulu. Khothi lalikulu linaligwetsa mu 1995, ponena kuti nyumba ya malamulo ya ku Washington yalowerera nkhani za zigawo, ndipo aphungu analikonza n'kulibwezeretsa mu 1996. Koma limene linasintha moyo wa m'kalasi ndi la 1994, lotchedwa Gun-Free Schools Act. Linati chigawo chilichonse chofuna ndalama za maphunziro kuchokera kuboma lalikulu chikhale ndi lamulo lochotsa sukulu kwa chaka chathunthu mwana wopezeka ndi mfuti, komanso womupereka kwa apolisi kapena kukhothi la ana. Panthawiyo kuphana kwa achinyamata m'mizinda kunali kutafika pachimake chifukwa cha malonda a mankhwala ozunguza bongo, ndiye makolo ambiri analilandira ndi manja awiri.

Ambiri sadziwa kuti lamulo lomwelo linapatsa mkulu wa maphunziro m'dera mphamvu yochepetsa chilango poona mlandu uliwonse pawokha. Linkanenanso za mfuti yeniyeni ya onga, osati zidole. Madera ambiri, poopa kuimbidwa milandu ya tsankho kapena kulekerera, anataya mphamvu yoweruzayo n'kulemba mndandanda wautali: mipeni, zidole, zojambula, ngakhale kuloza mnzako ndi zala ziwiri. Ndondomeko imeneyi amaitcha zero tolerance. Zotsatira zake zina n'zoseketsa ngati si mwana wanu. Ku Delaware mu 2009, mwana wa zaka 6 analamulidwa kukakhala masiku 45 kusukulu ya ana ovuta chifukwa chobwera ndi kachida kodyera ka a sikauti kokhala ndi supuni, foloko ndi kampeni. Anthu atakwiya, akuluakulu anasintha chigamulo. Ku Maryland mu 2013, wa zaka 7 anaimitsidwa masiku awiri atakukuta chakudya chake mpaka kuoneka ngati mfuti. Mu 2008 bungwe la akatswiri a zamaganizo la American Psychological Association linaunika umboni wa zaka zambiri ndipo silinapeze chosonyeza kuti kuchotsa ana mwachisawawa kumawonjezera chitetezo. Ana akuda ndi olumala ndiwo ankaimitsidwa mopitirira muyeso, monga momwe ankamenyedwera mopitirira muyeso nthawi ya thabwa.

Ine ndimaona kuti thabwa ndi zero tolerance n'zapachibale. Zonse ziwiri zimalanga zimene zachitika kale, ndipo palibe chimene chimafunsa kuti mwanayu akuganiza zotani mawa.

Kuwombera kwa pasukulu ya sekondale ya Columbine m'chigawo cha Colorado, pa 20 Epulo 1999, kunasintha kachitidwe ka apolisi. Tsiku limenelo ana 12 ndi mphunzitsi mmodzi anaphedwa. Apolisi oyamba kufika anazungulira sukulu n'kudikira gulu lapadera, monga momwe anaphunzitsidwira, ndipo mphunzitsiyo anataya magazi kwa maola angapo mpaka kumwalira. Kuchokera pamenepo, wapolisi amaphunzitsidwa kulowa pomwepo n'kulondola kumene kukumveka mfuti. Komabe ku Uvalde apolisi oposa 370 anafika, koma panadutsa mphindi 77 asanalowe m'kalasi, ndipo ana 19 ndi aphunzitsi awiri anafa. Ana nawo amayeserera: kukiya chitseko, kuzimitsa magetsi, kukhala pansi pakona yosaoneka pawindo la chitseko, kukhala chete. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi loko. Zitseko zambiri zakale zimakiyidwa ndi kiyi kuchokera kunja, ndiye mphunzitsi amayenera kutuluka pakhonde pamene pali wowomberayo. Komiti yofufuza za kusukulu ya pulayimale ya Sandy Hook, kumene ana 20 ndi akuluakulu 6 anaphedwa mu 2012, inalangiza kuti kalasi iliyonse izikiyika kuchokera m'kati.

Njira imene ili ndi umboni wabwino inachokera kwa alonda a pulezidenti. Mu 2002 a Secret Service pamodzi ndi unduna wa zamaphunziro anaunika zochitika 37 za chiwembu m'sukulu za pakati pa 1974 ndi 2000. Sanapeze mtundu umodzi wa mwana woti mungamuloze kuti ndi uyu. Anapeza kuti pa zochitika zinayi mwa zisanu zilizonse, munthu wina ankadziwiratu, makamaka mwana mnzake, ndiponso kuti owombera awiri mwa atatu anatenga mfuti kunyumba kwawo kapena kwa wachibale. Pa zimenezi ndi pamene panamangidwa ndondomeko younika ziopsezo, yomwe Dewey Cornell wa ku University of Virginia anaikonza kuti igwire m'sukulu, ndipo Virginia inalamula mu 2013 kuti sukulu zonse za boma zikhale ndi gulu lotere.

Gululo limakhala ndi mphunzitsi wamkulu, mlangizi kapena katswiri wa zamaganizo, ndi wapolisi wa pasukulu. Uthenga ukafika, amafunsa mwanayo tsiku lomwelo, kenako amene anamva ndi amene waopsezedwa, aliyense payekha. Amasiyanitsa mawu a mkwiyo wakanthawi, amene mwana amawabweza n'kupepesa, ndi chiopsezo chokhala ndi dzina la munthu, tsiku, malo kapena chida. Chikakhala chachiwirichi, mwana sasiyidwa yekha, woopsezedwa ndi makolo ake amachenjezedwa, makolo a mwanayo amafunsidwa mosabisa ngati m'nyumba muli mfuti, ndipo chikwama chimasechedwa. Khothi lalikulu linalola kale mu 1985 kuti mphunzitsi aseche popanda chikalata cha khothi ngati ali ndi chifukwa chomveka chokayikira.

Ku Oxford High School m'chigawo cha Michigan, pa 30 Novembala 2021, masitepe awiri otsiriza aja, kufunsa za mfuti ndi kusecha chikwama, anadumphidwa. M'mawa mphunzitsi anapeza mnyamata wa zaka 15 atajambula mfuti ndi munthu wotuluka magazi. Makolo anaitanidwa, sanatchule kuti masiku anayi m'mbuyomo anamugulira mfuti ya m'manja, ndipo sanapite naye kunyumba. Chikwama anamubwezera osachitsegula. Masana mnyamatayo anawombera anzake, ndipo ana anayi anafa. Mu 2024 makolowo, James ndi Jennifer Crumbley, anapezeka olakwa pa mlandu wopha mosakonzekera ndipo aliyense anagamulidwa zaka 10 mpaka 15.

Masewera owombera sanathe, angosamuka. Malo ambiri a pansi pa sukulu anatsekedwa, ena chifukwa cha fumbi la mtovu, ndipo matimu otsala amagwiritsa ntchito mfuti zampweya za mamilimita 4.5 pa mamita 10, kachingwe kowala katalowetsedwa mumpope kusonyeza kuti mulibe kanthu. Ku Minnesota ana ambirimbiri a kusekondale amapikisana kuwombera timbale tadothi, koma kumakalabu akunja kwa sukulu, ataphunzira kaye zachitetezo.

Kwa kholo limene lasamukira ku America ndi ana, zofunika n'zochepa. Werengani kabuku ka malamulo a sukulu chaka chikamayamba, chifukwa kampeni kosendera zipatso kapena mfuti yachidole m'chikwama zingachotsetse mwana. Mwana asanakacheze kwa mnzake, funsani ngati kumeneko kuli mfuti ndi mmene amaisungira. Yankho loyenera ndi lakuti ndi yokiyidwa, yopanda zipolopolo, ndipo zipolopolo zakiyidwa pena. Wina akati anachotsa kabokosi ka zipolopolo, dziwani kuti pa mfuti ya m'manja chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira mumpope, ndipo chimachoka pokhapokha atakokera m'mbuyo mbali yapamwamba ya mfutiyo n'kusuzumira m'kati ndi maso.