Ulendo wa ku Lilongwe wokasaka zidole zosanduka galimoto

Ndinanyamuka ku Dedza Loweruka kusanache bwino, chisanu chili m'mafupa, ndipo pofika pa depoti ya Lilongwe dzuwa linali litakwera. Achemwali anga a ku Area 25 ankandiyembekezera madzulo, choncho usana wonse unali wanga. Chimene ndinadzera ndi zidole za maloboti, osati a pamsewu aja, koma aja umawapinda n'kusanduka galimoto. Ndakhala ndikuzitolera kuyambira ndili ku sekondale.

Ndinayenda wapansi, ndikuzemba akabaza, mpaka kumsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kuja timawolokera pa timilatho ta matabwa tolipiritsa. Pakati pa milu ya kaunjika, mnyamata wina anali atayala zidole pachiguduli.

"Bwana, mukufunira mwana?"

"Ndikudzifunira ndekha, achimwene. Koma ndi mwana yemwe."

Ndinapeza ziwiri. China chinali Bumblebee wachikasu, wamng'ono ngati chibakera. Chinacho chinali chachikulu, cholemera, chopanda bokosi, chopanda pepala la malangizo, ngakhale dzina la amene anachipanga. Tinanenerera mpaka tinamvana.

Zidolezi zinachokera ku Japan. Kampani ya Takara inkapanga zidole zotchedwa Diaclone ndi Microman, ndipo mu 1984 a kampani ya Hasbro anazitengera ku America pa dzina la Transformers. Zoyambirirazo sizinkavuta: Optimus Prime unkamupinda kangapo chabe, wasanduka lole. Mu 2003 Takara inayamba kutulutsa za Masterpiece, zopangira akuluakulu otolera, zokongola zedi koma zofuna mtima woleza.

Madzulo pakhonde, mwana wa achemwali, wa zaka 8, anatenga wachikasu uja. Ndinamuonetsa kamodzi. Kachiwiri anasokoneza miyendo, kachitatu anakhoza yekha, ndipo posakhalitsa anali akumuthamangitsa ndi galimoto ya mawaya ya mnzake, uku akulira ngati injini.

Ine ndinakhala ndi chachikulu chija pafupifupi ola lathunthu. Luso lake ndi lodabwitsa, ndisaname. Matayala amabisala m'kati mwa miyendo, denga la galimoto limapindika katatu n'kulowa kumsana, osaonekanso. Koma tizitseko take n'topyapyala, timano tolumikizira timafuna kuti uyambe ichi kenako icho, ndipo ukalumpha sitepe imodzi umabwerera poyambira. Paliponse pamene palimba, mtima umagunda poopa kuthyola. Chidole chikayamba kuopsa mwini wake, kusewera kumathera pomwepo.

"Malume, simunamalizebe?"

Anayang'ana pang'ono, n'kubwerera kwa anzake.

Komatu kuphweka kokha sikokwanira. Mwanayu ali nacho china chosanduka ukangokankha kamodzi, ndipo achemwali akuti chinamukola tsiku lomwelo, chili kunsi kwa bedi. Wachikasuyu anamukonda chifukwa anamuvutikira pang'ono, kenako n'kumugonjetsa. Ine ndimakonda cha masitepe 10 kapena 15, choti manja amaloweza okha, umachisintha uku ukucheza, ndipo mfundo zake zimalira "khe" zikalowa m'malo.

Lamlungu m'mawa mwana uja anandiperekeza pokwerera minibasi, Bumblebee ali m'thumba la kabudula. Sanapemphe, ndipo ine sindinamuitanitse. Chachikulu chija ndinachikulunga m'juzi, mkono umodzi usanalowe m'malo mwake, n'kuchinyamula pamiyendo mpaka ku Dedza.