Loweruka la firiji, majumbo ndi amalume

Lero ndinadzuka ndi ntchito imodzi yokha m'maganizo, yosuntha firiji kuti ndisese kuseri kwake. Yandithera tsiku lathunthu, chifukwa amalume anangotulukira m'mawa ndisanagwire n'tsache lomwe. Akuti anaimba foni koma sindinayankhe. Inaliradi, kapena ndinene kuti inanjenjemera, poti mawu ndinatseka kalekale. Masiku ano ndimatero ndi aliyense, ndimati ngati nkhani ili yofunika alemba uthenga.

"Iwe mphwanga, si iwe unkaisiya dala foni ilire kuti anthu amve kanyimbo kamene unaikamo?"

Sananame. Kalelo kupezeka kulikonse kumene uli chinali chinthu chonyaditsa. Pano n'chomwecho chimene chatitopetsa. Akuntchito amakupeza uli m'bulangete, magulu a pafoni amene unachita kupempha wekha kuti akulowetsemo sagona, ndipo kutulukamo umaopa kuti akunena.

Titaikoka firiji ija, amalume anagwada n'kupukuta fumbi pakapepala komatidwa pa kompulesa. Iwowa akhala makaniko moyo wawo wonse, ndiye chilichonse chokhala ndi mota amayamba achiwerenga kaye. Panalembedwa R600a. "Kale apa pankalembedwa R12," anatero akugogoda ndi chikhadabo, "gasi wabwino zedi, wosavuta."

Wosavutadi. R12 ndi umodzi mwa mipweya ija amati CFC. Isanabwere, mafiriji ankayendera amoniya ndi mipweya ina yakupha, moti paipi ikaboola usiku anthu ankatha kufera m'nyumba. Thomas Midgley wa ku America ndi anzake atapeza CFC, iye anaonetsa ubwino wake mu 1930 pamaso pa asayansi anzake. Anaukokera m'mapapo mwake, n'kuupumira pakandulo yoyaka, kandulo n'kuzima. Sunali wakupha, sunkagwira moto, sunkalimbana ndi kanthu kalikonse. Koma popeza palibe choutha pansi pano, unkangokwera wathunthu mpaka kumwamba kwenikweni, kumene dzuwa limauswa n'kumasula klorini amene amadya ozoni, mpweya umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Asayansi Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza za zimenezi mu 1974. Mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza kuti ozoni wa pamwamba pa Antarctica wachepa modetsa nkhawa, ndipo mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal loti mipweyayi isiyidwe. Chondiseketsa n'chakuti R600a amene ali mufiriji yangayi amagwira moto. Tinachita kusankha tokha kubwerera ku gasi woyaka, ndipo tikuona kuti tapeza bwino.

Nditatchula dzina la Midgley ndinawonjeza kuti ndi yemweyonso amene mu 1921 anapeza zothira mtovu m'petulo kuti injini isamagogode. Apa amalume anakhala tsonga. Petulo ameneyo amamudziwa bwino, ankasambira m'manja madzulo alionse pochotsa girisi. Akuti pamene petulo wopanda mtovu ankabwera, eni magalimoto akale ankachita kukwiya, kudandaula kuti mavavu atha msanga. Koma nkhani ya mtovu ine sindiiyika pamodzi ndi ya firiji. Za ozoni palibe ankazilota mu 1930. Za mtovu zinkadziwika. Mu 1924 antchito 5 pafakitale ina ku New Jersey anamwalira atazungulira mitu ndi mankhwala omwewa, manyuzipepala analemba, koma malonda anapitirira. Utsi wake unawononga ubongo wa ana m'mizinda ya padziko lonse kwa zaka zambirimbiri, ndipo dziko lomaliza kusiya kugulitsa petulo wa mtovu wa magalimoto, Algeria, linasiya mu 2021. Pamenepa anthu wamba sanakonde mwakhungu okha ayi, analipo ena amene ankadziwa n'kukhala chete.

Kenako anandifotokozera za mabuleki, ndipo mawu awo anatsika. Galimoto ikabwera kuti mabuleki akulira, ankavula tayala, n'kukoka dilamu, m'kati muli fumbi lakuda bii. Ankatenga paipi ya kompulesa n'kupemerera, fumbi lonse kumaso, m'mphuno, m'tsitsi. Pomaliza anyamata onse m'galaja ankasekana kuti wada kwambiri ndani. Fumbi limenelo munali asibesitosi. Ankaikidwa m'mabuleki chifukwa sapsa ngakhale patenthe bwanji, ndipo pachifukwa chomwecho ankaikidwa m'madenga, m'mapaipi, m'zombo ndi m'zovala za ozimitsa moto. Sapsa, saola, sasungunuka. Akalowa m'mapapo amakhalanso chimodzimodzi, timaulusi take timangokhala momwemo, ndipo khansa kapena kubanika kumadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena kuposa. Britain inamuletseratu mu 1999, South Africa mu 2008, koma alipo mayiko amene mpaka pano akumukumbabe ndi kumugulitsa. Amalume amakhosomola m'mawa, ndipo akhala akutero kuyambira kale. Ndinawauza kuti akapimitse, ndipo akakafika akanene ntchito imene ankagwira. Anangoti, "Ndamva," kumene kwa iwo kumatanthauza kuti tisinthe nkhani.

Anaisintha okha ndi mwambi: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ndinawalola, ndi aakulu, koma mwambiwu sukukwanira bwino apa. Mkuyu umanyenga, kunja kwina m'kati kwina. Zinthu izi sizinatinyenge. Zinachita ndendende zimene tinazitumira, kungoti zinapitirira kuchita titasiya kuzifuna. Tinafuna chinthu chosatha, tinachipeza, ndipo chakana kutha.

Umboni unali m'kabati ya pansi pa sinki, imene ndinatsegula kufuna chopukutira. Majumbo anachita kugwa okha. Jumbo lalikulu lodzaza ndi majumbo ang'onoang'ono, ena opindidwa bwino, ena ongofinyiridwa, lina lomatamata losadziwika chimene munali. Sindikudziwa nyumba imene ilibe kabati yotere. Timawasunga chifukwa kutaya tikuchita manyazi, kugwiritsa ntchito sitiwamaliza. Amene anapanga jumbo la mtundu umenewu, lokhala ndi zogwirira zake, ndi injiniya wa ku Sweden, Sten Gustaf Thulin, ndipo chiphaso cha umwini wa luso limeneli chinatuluka mu 1965. Mwana wake anadzafotokoza kuti bambo akewo ankayenda ndi jumbo lopinda m'thumba, poti cholinga chinali choti munthu azigwiritsa ntchito limodzi kambirimbiri, mitengo yopangira mapepala ipume. Ife tinaona kuti ndi lopepuka, losalowa madzi, laulere, ndiye tinayamba kutenga latsopano pa kanthu kalikonse. Bangladesh ndi imene inayamba kuletsa majumbo opyapyala mu 2002, ataona kuti akutseka ngalande n'kukulitsa kusefukira kwa madzi. Rwanda inatsatira mu 2008, Kenya mu 2017. Amalume anasankhapo olimba angapo n'kuika m'thumba la jekete, akuti kwawo ali ndi ntchito. Sindinafunse.

Masana kunabwera mtsikana wa achemwali kudzabwereka chaja. Anapeza ndikuonetsa amalume zithunzi pa Facebook, n'kuseka kuti kumeneko n'kwa nkhalamba. Tsamba limene linayamba mu 2004 ngati la ophunzira a payunivesite, lero wachinyamata akulithawa poti amayi ake, azakhali ake ndi aphunzitsi ake onse ali komweko. Kudana kwa mtundu uwu n'kwina, n'kopepuka. Chinthucho sichinaphe munthu, changodzaza ndi anthu amene sukufuna kuti akuone. Sindinatsutsane naye. Zimene iye akukonda lero adzamusekanso nazo ana ake, ndipo sizidzafuna pangano la mayiko.

Mkangano weniweni unabuka chakumadzulo, udzudzu utayamba kulira m'makutu. Amalume anaomba m'manja, anauphonya, n'kunena kuti kukanakhala mankhwala aja ophera tizilombo a DDT bwenzi zonsezi kulibe. Ine ndinayamba kuwerengetsera zimene ndikudziwa, kuti mankhwalawa satha msanga m'nthaka ndi m'madzi, amaunjikana m'mafuta a nsomba ndi a mbalame zodya nsombazo, mpaka ziwombankhanga zinayamba kuikira mazira a zigoba zopyapyala, osweka make akawakhalira. America inaletsa kupopera m'minda mu 1972.

"Nanga amene anawapezayo anamupatsiranji mphoto?"

Anali ndi mfundo. Paul Müller wa ku Switzerland analandira mphoto ya Nobel mu 1948, ndipo sikunali kulakwitsa, poti DDT anapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo ndi ku matenda ofalitsidwa ndi nsabwe. Kusatha msanga komwe kunapha mbalame n'kumene kumachititsa kuti ukapopera khoma kamodzi, udzudzu uzifa miyezi ingapo. South Africa inasiya kumugwiritsa ntchito mu 1996, malungo anakwera kwambiri, ndipo mu 2000 inabwerera. Ngakhale pangano la ku Stockholm la 2001, limene linaletsa mankhwala ambiri osatha msanga, linasiya khomo lotsegula kuti DDT azipoperedwa m'nyumba polimbana ndi matenda. Ine ndinati vuto linali kumuthira m'minda ngati madzi, mpaka udzudzu wina unazolowera osafanso. Iwo anati vuto ndi anthu amene sanaikepo mwana m'manda chifukwa cha malungo koma ali patsogolo kudana ndi mankhwala. Ndinati si zoona zonse, anati si bodza lonse. Tinasiyira pomwepo chifukwa kunja kunayamba kuda ndipo iwo sakonda kuyenda usiku. Ndawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo za kuchipatala zija tagwirizana kuti ndidzawatenga ndekha Lachiwiri, asadzapeze ponamizira.