Injiniya wa pa Paint

Poti nkhani yafika kale pa gulu lathu la ku Rosettenville, ku Joni, ndipo ena akuti ndinatsala pang'ono kuyatsa fulati yonse, ndiloleni ndinene ndekha. Utsi unatuluka, inde. Koma unali wochepa, wosafika ndi wa ndudu imodzi.

Ndimafuna kupanga kanyali kophethira ka batire ya 12V, ka chipu ya 555 (kachipangizo kophethiritsa nyaliyo), koti magetsi akazima tisamapunthwe pa masitepe. Achimwene anati pali KiCad, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira tinjira ta magetsi ta pa bolodi, yaulerenso. Ine ndinati ayi, Paint, yojambulira zithunzi ija, ndinaidziwa ndili Fomu 2. Masiku atatu ndikujambula tinjira ta mkuwa, maso ali psuu, ndikuwerenga timadontho ngati mayi wogulitsa mtedza wa m'supuni. Miyendo ya chipu imatalikirana 2.54 mm, ndiye pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi imodzi) ndi timadontho 60 ndendende. Apa pokha muvomereze kuti mutu umagwira. Pakona ndinalembapo zilembo zikuluzikulu: INJINIYA.

Ndinakapulinta ndi laser pa pepala losalala la magazini, n'kulisita pa bolodi yamkuwa ndi simbi ya alamu kuti chithunzicho chimamatirepo. Ferric chloride, mankhwala odya mkuwa wosaphimbidwa ndi chithunzicho, ndinathira m'kabakuli komwe alamu omwewo amatengera nkhomaliro ku ntchito. Ankagona, sindikanawadzutsa.

Bolodi itatuluka, abale, inali yokongola. Ndinaitsuka, ndinaipukuta ndi malaya, ndinaiyang'ana pa windo ngati ndalama yatsopano. Kenako maso anagwera pakona paja. Zilembo zonse zinali chagada, N akuyang'ana kumbuyo, J wapinda mchira kolakwika. Ndinaitembenuza. Ndinapendeka mutu. Ndinapita nayo ku bafa, ndipo pa kalilole inawerengeka bwinobwino: INJINIYA. Ndinaima pamenepo mphindi mwina khumi, ine ndi bolodi yanga, tonse tili mainjiniya m'kalilole mokha.

Chithunzi ukachisita chimatembenuka, ndiye umayenera kuchitembenuziratu usanapulinte. Paint ili nalo batani lake, Flip horizontal, koma siikukumbutsa. Imangokuyang'ana.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinati zilembo si magetsi, n'kuwotcherera zonse. Tsoka lake, pa 555 mwendo 1 ndi wa negetivi, mwendo 8 ndi wa pozitivi, ndipo imakhala moyang'anizana. Bolodi ikatembenuka, miyendoyi imasinthana malo. Nditangolumikiza batire kachipu kanatentha, kanati phu, fungo la pulasitiki mpaka pa khonde. Alamu anatulukira atagwira ndowa.

"Alamu, mwaphikanso chiyani?"

"Ndikuyesa kaye."

Sanayankhe. Maso awo anali pa kabakuli kaja, komwe tsopano kali ndi mtundu wa tiyi wopanda mkaka ndipo sikatsukika.

Zala zanga zinakhala zachikasu sabata yathunthu, moti mu takisi ya ku renki ya Bree mayi wina anakana kulandira ndalama kudzera m'dzanja langa. Bakuli ndagula lina. Pa masitepe tikuwunikabe ndi foni.