Mafuta ndi mafuta, bwana

Mu Blantyre muno aliyense ndi makaniko, bola galimotoyo isakhale yake. Ingoimani pa Ginnery Corner n'kutsegula boneti, muona. Wogulitsa mayunitsi anena kuti ndi fyuzi, wakabaza aumirira kuti ndi sitata, wina wongodutsa ndi jumbo ya nthochi akufunsani kuti petulo munathira kuti. Ndiye ganizirani galimotoyo ikakhala ya mtundu umene ambiri amangouona pa kanema, yovula denga.

Yanga ndi BMW 325Ci, ya gulu la E46, limene zovula denga zake zinkapangidwa kuyambira 2000 mpaka 2006. Inachokera ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Akunyumba ataiona anali ndi funso limodzi lokha: "Nanga matumba a chimanga ochokera ku Chiradzulu tizinyamulira pati?" Sindinayankhe. Munthu sungakambe za chimanga pamene wangodina batani limodzi, magalasi n'kutsika okha, chivindikiro chakumbuyo n'kutseguka, tenti yonse n'kudzipinda yokha kukagona m'malo mwake, ana a ku Chilobwe akuthamangira m'mbali mwa msewu.

Tentiyo siyenda ndi matsenga ayi. Kubuti, mbali ya kumanzere kuseri kwa kapeti, kuli kapampu ka magetsi kokhala ndi kathanki kake ka mafuta. Kapampuko kamakankha mafuta m'timapaipi toonda kupita ku masilinda, masilindawo n'kumakoka kapena kukankha zitsulo za denga. Mphamvu yake si yamasewera, imapitirira ma bar 100, pomwe tayala timangolipopa ma bar 2 ndi pang'ono. Palinso timasensa touza kompyuta ya denga pamene chitsulo chilichonse chafika. Kamodzi kokha kakasokonezeka zonse zimaima, kagetsi kofiira ka pabatani n'kuyamba kuphethira.

Mchemwali wathu wotsiriza ankakwatiwa mu Disembala 2023. Malume, omwe ndiwo anali ankhoswe, sanapemphe galimoto, anangolengeza pamsonkhano wa komiti: "Akwati akwera ya mphwangayi, yopanda denga ija. Akuchimuna aone kuti kwathu si kosauka." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuwerenga kale anthu amene adzandijambule.

Kutatsala sabata, denga linayamba ulesi. Likamakwera linkapumira panjira, pampu ikulira mosasa mawu, ndipo pambali ya mpando wakumbuyo, kumanzere, panali ponyowa ndi mafuta. Paipi imodzi imadutsa pamene denga limapindikira, ndiye yapindika n'kuwongoka kwa zaka zoposa 20, ikanatani? Inali itayamba kuchucha. Ndinazungulira m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi m'tauni. Paipi panalibe, mafuta ake enieni panalibe, onse ankangoti aitanitsa ku Johannesburg. Apa n'kuti kwacha itangogwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala, moti mtengo umene ananditchulira ndinachita kuwafunsa ngati ukuphatikizapo ndi galimoto ina.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandilozera ku Ndirande, kumene amati ngakhale ndege akhoza kuikonza utangoifikitsa. Makaniko wake anali mnyamata wodzidalira, ovolosi atamanga m'chiuno. Analowetsa mutu kubuti, n'kuvundukula kapeti, n'kuseka.

"Bwana, izi ndi zazing'ono. Ndi jeke basi iyi, kungoti ndi yachizungu."

Anakulunga paipi ija ndi lekeni, n'kumanga ndi kawaya, kenako anatuma sipanaboyi kukatenga botolo la buleki fuluwidi. Ine ndinafunsa, ndipo pali mboni, kuti kodi amenewa ndi mafuta ake? Anandiyang'ana mwachifundo.

"Mafuta ndi mafuta, bwana. Ngati amaimitsa thiraki yodzaza simenti pa Zalewa, angalephere kukweza tenti?"

Mfundo imeneyo inandigwira mtima, ndipo mpaka lero ndimati inali yomveka bwino. Ndinadina batani, denga linakwera mwachangu ngati lamva kuti kuli malipiro, n'kutsikanso. Ogulitsa malata ndi mbaula anasiya ntchito kudzaonerera. Ndinalipira, n'kuwonjezera ya Fanta.

Zimene sanandiuze mnyamatayo n'zakuti denga limafuna mafuta a mtundu wa oilo, opyapyala, pamene buleki fuluwidi ndi mankhwala ena, a glycol. Timphira ta m'masilinda ndi mupampu tinapangidwira oilo. Tikamwa buleki fuluwidi timatupa, n'kufewa, n'kuyamba kunyenyeka. Ndipo sitichita zimenezi tsiku lomwelo uli pagalaja ayi. Timadikira Loweruka.

Loweruka m'mawa denga linatsika bwinobwino, mochedwerako pang'ono koma linatsika. Titatuluka m'tchalitchi ku Limbe tinalowa mumsewu wa Masauko Chipembere, mdipiti wa magalimoto pambuyo, mahutala, magetsi akuphethira, atsikana a m'komiti atatulutsa mitu m'mawindo akuimba. Akwati anakhala pamwamba pa mpando wakumbuyo akubayibitsa anthu a m'maminibasi. Ine kutsogolo, magalasi akuda, chigongono pachitseko. Mtambo umene unkachokera ku phiri la Soche ndinauona, koma ndinati mwini batani saopa mtambo.

Madontho oyamba anatipeza tikuyandikira Kamuzu Stadium. Ndinaimika pambali mwaulemu, n'kuuza akwati kuti atsikire pampando, ndiwaonetse chinthu. Malume anatsika m'galimoto ya pambuyo kudzayang'anira ntchitoyo, atavala suti yotuwira imene anagula dala chifukwa cha tsikuli. Anaima kumanzere, manja kumbuyo.

Ndinadina. Chivindikiro chinatseguka. Tenti inadzuka, n'kukwera, n'kuima chilili kuloza kumwamba ngati mvuu ikuyasamula pa Liwonde, basi osapitirira. Ndinadinanso. Pampu inalira, kenako kunamveka "psii!", lekeni uja atagonja. Kamtsinje koonda ka buleki fuluwidi kanatuluka pampata wa zitsulo n'kulemba mzere kuyambira pathumba la jekete ya malume mpaka pabondo. Iwo anangoyang'ana pansi, n'kuyang'ana ine.

"Mphwanga, chimenechi n'chiyani?"

"Ikudziyeretsa, malume."

Ndinapitiriza kudina mpaka pampu inatentha n'kudzizimitsa yokha, poti ili ndi chitetezo chotero. Kagetsi kofiira kokha ndiko kanatsala kakugwira ntchito m'galimoto monse. Apo n'kuti mvula itatsegula zenizeni, ija ya Disembala yosaona nkhope.

Akatswiri anafika. Kondakitala wina anasiya minibasi yake ili ndi anthu, nati ndichotse waya wa batire kuti kompyuta iiwale. Anatsegula yekha boneti, n'kusuzumira uku ndi uku, kenako anatembenukira khamu: "Anthu inu, galimoto iyi ilibe batire!" Azimayi ena anabwerera m'mbuyo. Batire ya galimoto zimenezi imakhala kubuti, ndipo buti sitseguka chivindikiro cha denga chikakhala m'mwamba, kuopa kuti zingagundane. Galimoto zimenezi zimabweranso ndi alenikiyi, kasipanala kopindika kotsekera denga pamanja, ngakhale kuti yanga inafika kuchokera ku Dar es Salaam ilibe. Azakhali a mkwati sanafune kumva za batire. Iwo anati apa pali dzanja la munthu, ndipo dzina la mtsikana wake akulidziwa, amakhala ku Bangwe. Abusa anayamba pemphero. Wojambula, mwana wopanda chisoni, anangopitiriza kujambula.

Wina anati ndizimitse injini kuti galimoto iganize. Ndinazimitsa. Koma denga lotere likasiyidwa panjira, pakapita kanthawi mphamvu ya mafuta imaphwa, ndipo limayamba kutsika lokha pang'onopang'ono. Nthawi yonseyi m'makwinya a tenti munali mutadzaza madzi. Tili mkati motsutsana za mtsikana wa ku Bangwe, tenti inaweramira kutsogolo mwakachetechete n'kukhuthulira madzi onsewo pa akwati, amene anali atabisala pansi pa jekete ya mkwati. Mchemwali wanga anakuwa dzina langa lonse, ndi la kubadwa lomwe, limene ngakhale amayi anasiya kulitchula.

Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo tsidya la msewu. Anabwera atafunda pepala la pulasitiki, m'manja muli mpukutu wa maalenikiyi. Sanalankhule zambiri, anangotchula mtengo, ndipo ataona velo anaukweza. Anyamata operekeza akwati anagwira denga, awiri uku awiri uku, n'kulikokera kutsogolo. Limafunika kukokedwa mofanana mbali zonse, koma mbali ina kunali mnyamata wonyamula zitsulo, ndiye linafika pagalasi litapenama. Tinalibweza, n'kulikokanso, bambo wa njinga n'kupotokola loko ndi alenikiyi yake mpaka linagwira. Pokhapo ndi pamene tinazindikira kuti velo yapanidwa m'zitsulo. Anaidula ndi lezala. Theka linatsala pamutu pa mkwatibwi, theka lina linkauluzika kunja kwa galimoto mpaka kukafika ku holo.

Ku perekaniperekani nkhani inali itafika kale. Woyendetsa mwambo, atatha kuitana akuchimuna ndi akuchikazi, analengeza gawo latsopano: "Tsopano onse amene mukufuna kuti denga la achimwene a mkwatibwi likonzedwe, bwerani kutsogolo!" Holo yonse inanyamuka. Anthu anavina, anaponya ndalama, ena mpaka ma K5,000, kuposa gawo la mabwana a kuntchito kwa mkwati. Owerengera anazithira m'beseni limodzi ndi zinzake. Ndinadikira mpaka kumapeto. Zonse zinapita kwa akwati.

Lolemba ndinapeza kuti pamene buleki fuluwidi anayenderera pambali ya galimoto penti yatupa n'kusupuka, chifukwa amadyanso penti. Ulendo uno ndinapita kwa madala ena a ku Makata amene moyo wawo wonse akhala akukonza matipa ndi mathirakitala. Sanafunse mbiri. Anakoka timafuta ta m'kathanki ndi jakisoni, n'kudonthezera m'kapu ya madzi. Oilo akanayandama pamwamba. Awa anasungunuka, madzi n'kuchita mbuu.

"Anakuthirirani ndani, mwana wanga?"

"Katswiri wina."

"Ali moyo?"

Anamasula pampu ndi masilinda, n'kundiikira timphira take padzanja. Tinali tofewa, tonanda, kamodzi kanaphwanyika nditangokafinya. Anatsuka kathanki ndi mapaipi onse, n'kundiuza kuti ngakhale dontho limodzi likatsalira lidzadyanso timphira tatsopano. Paipi, timphira ndi mafuta ake enieni tinaitanitsa ku Johannesburg komwe kuja, zinabwera pa basi yodzera ku Mwanza, pa mtengo uja ndinauthawa, kuphatikizapo wa timphira umene poyamba panalibe. Atamanga zonse anakweza ndi kutsitsa denga kangapo kuti mpweya utuluke m'mapaipi, akuwonjezera mafuta mpaka pa mzere. Batani ankadina okha. Ine anandiuza kuti ndiime patali, manja m'thumba.

Mlandu wa suti unakambidwa kwa amayi ku Zingwangwa, Lamulungu masana. Ochapa zovala anali atalephera, mzere uja unangosintha mtundu. Ine ndinafotokoza za glycol ndi timphira mwatsatanetsatane, koma bwalo linagamula kuti ndigule ina, ndi nsapato zomwe, ngakhale kuti nsapato sizinakhudzidwe. Titamaliza, malume anandikokera pambali.

"Mphwanga, mwana wa mayi ako aang'ono akukwatiwa mu Epulo. Galimoto ndi yomweyi, ndauza kale komiti. Koma ine ulendo uno ndidzaima kumanja."

Ndinati palibe vuto, malume. Madala a ku Makata aja anali atandiuza kuti paipi ya kumanja ndi yofanana zaka ndi inaphulika ija, ndipo ndalama yogulira inzake ndi imene yapita ku suti.