Ayi, ku Antarctica sindinapite kukalima

Chithunzi chimene mukutumizirana pa WhatsApp chija n'choona. Ndine ndemwe, ndipo zili m'mbalemo ndi chimanga ndithu. Koma zoti ndinafunsa anthu a m'sitima ngati ku Antarctica munthu angapezeko munda, zimenezo ndi zopeka za anyamata a ku Kabwata, ndipo amene anaziyambitsa ndikumudziwa. Ine ndinangofunsa ngati kuli dothi. Limenelo ndi funso la sayansi.

Pa kasankhidwe ka sitima pokha musandigwire, chifukwa ndiyo ntchito imene ndimadyera muno mu Lusaka, kusankhira anthu maulendo. Munthu akabwera kuti akufuna kukaona zimbalangondo zoyera, ndimamuuza kuti zimenezo zili kumpoto, ku Svalbard, ndipo kumapitidwa kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Kum'mwera, ku Antarctica, kuli mapengwini, mbalame za m'nyanja zosauluka, ndipo nyengo yake ndi Novembala mpaka Malichi. Ofuna kuona tiana ta mapengwini apite kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, ofuna anamgumi adikire Febuluwale. Kenako ndimamuletsa kuyang'ana zithunzi za bedi ndi malo odyera, ndi kumuuza kuti awerenge mitu ya anthu. Makampani a maulendowa ali ndi bungwe lawo la IAATO, lomwe linayamba mu 1991, ndipo malamulo ake sanyengerera. Sitima yonyamula anthu oposa 500 siloledwa kutsitsa ndi mmodzi yemwe, mumangoonera pa zenera n'kubwerera. Pamtunda pamaloledwa alendo 100 okha pa nthawi imodzi, ndipo alendo 20 alionse ayenera kukhala ndi wowatsogolera mmodzi. Ndiye mukakwera ya anthu 200 mumatsika mosinthana, ena akuyenda pa chipale, inu mukudikira mutavala kale mabuti. Ine ndinasankha yaing'ono. Ndinafunsanso funso limene anthu ambiri safunsa: kodi otsogolerawo alipo angati, nanga anaphunzira chiyani? Ndinkafuna akatswiri enieni, wa mbalame, wa anamgumi, wa miyala, wa zomera. Ndinawapeza onse. Wa zomerayo ndiye anandigwira.

Chipinda ndinatenga cha m'munsi, chapakati pa sitima, pomwe sipagwedezeka kwambiri. Mukachoka ku Ushuaia ku Argentina mumadutsa Drake Passage, madzi a makilomita pafupifupi 800 pamene pali pafupi, masiku awiri opanda mtunda. Kapulasitala ka mankhwala oletsa nseru ndinamata kuseri kwa khutu patatsala maola anayi kuti sitima inyamuke, n'kusamba m'manja nthawi yomweyo, chifukwa ukagwira m'diso ndi chala chimenecho umayamba kuona mwachimbuuzi. Oopa mafunde amakwera ndege ku Punta Arenas ku Chile, maola awiri atera pa chilumba cha ku Antarctica chotchedwa King George Island, ngakhale nkhungu ikakana amatha kugona pa hotelo kudikira. Zonsezi ndimazidziwa. Mundimvetse, anzanga, sindinapite kumeneko wosadziwa kanthu.

Vuto linali thalauza. Sitima imakupatsa chijekete chachikulu ndi kukubwereka mabuti a labala, koma thalauza losalowa madzi umabwera nalo wekha, ndipo popanda limenelo sakukweza m'tiboti ta labala ta Zodiac tomwe timaolotsa anthu kupita kumtunda. Tandiuzani, mu Lusaka muno mu Disembala, ndani amagulitsa thalauza loyendera pa ayezi? Alamu anga a ku Chongwe anali nalo labwino kwambiri, analipeza pa salaula, amavala mvula ikamagwa kumunda. Anandibwerekanso chikwama chakumbuyo. Zonse zinachapidwa ndi sopo, zinayanikidwa, zinkanunkhira. Mboni ndi amayi a kunyumba.

Tsiku lachiwiri pa Drake anaitana pa chimkuzamawu kuti aliyense abwere ndi zonse zimene adzavale pamtunda. M'chipinda chochezera anali atayala matebulo, pali mahuva opopera fumbi, maburashi, matochi ndi tizitsulo topanira. Chifukwa chake n'chomveka. Pangano loteteza chilengedwe cha Antarctica lomwe linasainidwa ku Madrid mu 1991 limaletsa kulowetsako chamoyo chachilendo. Dziko lonselo lili ndi mitundu iwiri yokha ya zomera zochita maluwa, ndipo udzu wina wachilendo wotchedwa Poa annua unamera kale pa King George Island utabwera ndi anthu. Ndiye aliyense amafufuzidwa. Anzanga a pa mzere ankapezeka ndi kaulusi, kaubweya ka galu, tsitsi. Mphindi ziwiri, asaina, apita kukamwa tiyi.

Mayi wa zomerayo anatenga thalauza la alamu, n'kumatula zomatira za velcro za m'miyendo zija kuti kwaa. Anayatsa tochi. Anakhala chete. Kenako anandiyang'ana ndi nkhope ya chimwemwe chimene sindinachikonde.

Chisoso, abale. Njere za chisoso, zakudazo, za timinga kunsonga, zitalowa mu velcro mizere mizere kuyambira chaka chatha. Sopo sanazigwedeze n'komwe, anangozisambitsa. Mayiyo anati, "Bidens pilosa!" mokweza, n'kuitana mnzake wa mbalame kuti adzaone. Anayala pepala loyera. Anayamba kuzula imodzi imodzi ndi kachitsulo, n'kumaziika pa mzere, n'kumaziwerenga. Sitima ikapendekeka njere zonse zinkatsetsereka kupita kumanzere, iye n'kuzitchinga ndi dzanja, n'kuyambiranso kuwerenga. Ikapendekekera uku, zibwerere. Imodzi inagwa pansi. Anthu akuluakulu atatu, ophunzira mpaka kumapeto kwa sukulu, anagwada pa kapeti ndi matochi kufunafuna njere imodzi ya ndiwo zimene ife kwathu timazula n'kutaya kuseri kwa nyumba. Ine ndaima pamenepo ndagwira mwendo wina wa thalauza kuti usagwe, mzere wafika mpaka pa masitepe, aliyense akusuzumira. Anaipeza itamata pa sokosi yanga. Ataona sokosiyo anandipempha kuti ndivule zonse ziwiri.

Ndinkati zathera pamenepo. Kunatsala chikwama.

Mnyamata wa huva analowetsa paipi m'chikwama, n'kuyatsa. Poyamba kunangomveka mpweya. Kenako paipi inafika pakona pamene nsalu ya m'kati inang'ambika, ndipo makinawo anayamba kulira ngati chigayo cha ku Chawama m'mawa wa Loweruka. Khotcho, khotcho, khotchokhotcho. Sanasiye msanga. Mnyamatayo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana denga. Atazimitsa anatsegula huva n'kukhuthulira m'mbale, ndipo munatuluka chimanga cha mbewu, chopakidwa kale mankhwala a mtundu wowala, chokonzeka kulowa m'nthaka. Alamu anabzala mu Disembala, ndipo chikwama chomwecho ndicho ankanyamulira mbewu. Pamenepo ndi pamene mkulu wina wa ndevu zoyera anajambula chithunzi chanu chija. Nkhope imene mukuiona pamenepo si ya munthu wogwidwa. Ndi ya mankhwala a nseru, amaumitsa kukamwa.

Ndinayesa kufotokoza kuti si zanga, ndi za alamu. Anafunsa kuti alamuwo ali m'chipinda chanji. Ndinati ali ku Chongwe. Ndinawauzanso, mwaulemu ndithu, kuti chimanga sichimera nthaka ikapanda kufunda kufika madigiri 10, pomwe kumene tinkapitako chilimwe chimangozungulira pa ziro, tsiku labwino chikwere pang'ono. Mayiyo anavomera kuti chimanga changa sichikanamera. Anati chimene amaopa ndi nkhungu ndi tizilombo tosaoneka tomwe timakwera pa njere ndi pa dothi, komanso kuti chisoso ndi chomera chimene chafalikira m'maiko ambiri pomata pa zovala za anthu onga ine. Mawu akuti onga ine anawanena akumwetulira. Apo ndi pamene ndinafunsa za dothi zija, pofuna kusintha nkhani.

M'kathumba kam'mbali anapezamo nsawa zokazinga zimene amayi a kunyumba anandiikira. Apa pokha ndinalimba. Nsawa yokazinga simera, ngakhale muithirire fetereza. Anati n'zoona, koma chakudya sichitsika pamtunda, ngakhale bisiketi. Ndinakadyera m'chipinda, chitseko chotseka.

Amene mukukonza ulendowu, kuchapa pakokha sikukwanira. Tembenuzani thumba lililonse, mupope m'makona. Velcro muipese ndi singano kapena mswachi wakale pamalo owala. Chotsani kansalu ka pansi pa phazi m'nsapato, muyang'ane m'mizere ya kunsi kwake. Pisani chala mu nsalu ya m'kati mwa chikwama kuona ngati siinang'ambike, musaiwale ukonde wa kumsana, mapazi a choimikira kamera ndi mphindiro ya chipewa. Makasitomala anga ndimawapatsa pepala lolembedwa zimenezi, ndipo ndinalemba ndine. Pepalalo silinena kanthu za katundu wobwereka kwa alamu, tsopano ndawonjezera mzere.

Kumtunda ndinatsika, musamve zonama. Pa Cuverville Island ndinaponda m'madzi a mankhwala ophera tizilombo otchedwa Virkon potsika ndi pokwera, ndinatalikira mapengwini mamita asanu, sindinakhale pansi, sindinagwade, sindinaike chikwama pa chipale, chifukwa zimenezo zinaletsedwa poopa chimfine cha mbalame, chomwe chinafika pa chilumba cha South Georgia mu 2023. Fungo la zitosi zawo, zofiirira chifukwa cha tinkhanu ta m'nyanja tomwe amadya, limakulandira usanatsike m'boti, ndipo pa zithunzi za otsatsa malonda silioneka. Palibe mlendo anasunga malamulo kuposa ine. Komabe nthawi iliyonse ndikafika pa khomo lotsikira, mayi uja ankawerama n'kumatula velcro yanga, miyendo yonse iwiri, ena onse akungodutsa. Usiku wina pa phunziro la zomera anaonetsa chithunzi cha pepala loyera lija pa chinsalu chachikulu. Dzina sanatchule, anangoti mlendo wina wochokera ku Africa. Wochokera ku Africa m'sitima monsemo ndinali ndekha.

Thalauza ndinabweza. Alamu analitembenuza uku ndi uku, akuti layera mokayikitsa ndipo velcro yake ikugwira kwambiri, ikuwavuta povula. Za mbewu akuti inali ya haibulidi, yodula, tidzakambirana akakolola.